Kanema waulere: tiyambe tafunsa kuti walipira ndani

Masiku ano simungaitanidwe ku maphunziro a bizinesi n'kubwerako osaonera kakanema. Kaya ndi mu holo ya khonsolo, kaya ndi ku hotela ya kunyanja, ikangokwana nthawi ina wophunzitsa amati tsekani makatani, mnyamata wa projekita ayatse. Ena a ife sitiitanidwa n'komwe ku mawekishopu a alawansiwo, koma kakanemako kamatipezabe pa foni, wina atatumiza pa WhatsApp.

Nkhani yake mukuidziwa kale. Amayi awiri a geni alandira ngongole tsiku limodzi. Woyamba amalemba m'kope chilichonse chomwe wagula ndi kugulitsa, ndipo madzulo amakasunga ndalama. Wachiwiri wagula chitenje chatsopano, wadya mpamba. Pakutha pa mphindi khumi woyamba uja watsegula golosale yamalata, pomwe mnzakeyo wagwira tsaya pakhonde. Magetsi ayaka, tonse tiwomba m'manja, kenaka Fanta ndi samusa.

Abale anzanga, nthano imeneyi ndi yakale kuposa ambiri a agogo athu amene ali moyo. Idafika kuno pa lole mu 1935, ndipo kuyambira nthawi imeneyo asintha zovala zokha za ochita sewerolo. Ine sindikutsutsa kuti kanema amaphunzitsa. Amaphunzitsa ndithu, mwinanso kuposa mphunzitsi wa choko. Chomwe ndikunena n'chakuti kanema aliyense wophunzitsa ali ndi mwini wake amene adatulutsa ndalama, ndipo mwiniyo ndiye amasankha kuti chitsiru m'nkhanimo akhale ndani.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Pakati pa 1935 ndi 1937 azungu awiri, L.A. Notcutt ndi G.C. Latham, adayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Ndalama zambiri zidachokera ku Carnegie Corporation ya ku New York, ntchitoyo ili m'manja mwa bungwe la mamishoni la International Missionary Council. Likulu lawo lidali ku Vugiri m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, ndipo adajambula mafilimu 35. Adawakweza pa lole pamodzi ndi injini ya magetsi n'kuzungulira nawo Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mawu sadali pa filimu penipeni ayi. Ankawajambula padera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zosiyanasiyana, n'kumaziliza pamene zithunzi zikuyenda.

Imodzi mwa mafilimu oyambirira idali Post Office Savings Bank. Antchito awiri alandira malipiro. Wina akukumba pansi m'nyumba mwake n'kukwirira ndalama, osadziwa kuti mbala ikusuzumira. Mnzake akupita nazo ku positi ofesi. Zotsatira zake simufuna kuti ndikuuzeni. Ina idali yotchedwa Tax, yofotokozera anthu ubwino wa msonkho. Tangoganizani, kuonetsa ubwino wa msonkho kwa anthu a Nyasaland, amene msonkho wa nyumba womwewo ndiwo unkawathamangitsira ku thangata m'minda ya azungu, ena mpaka ku Joni ndi ku Salisbury.

Azungu eni akewo adaupatsa dzina mchitidwe wojambula woterewu. Ankati ndi nkhani ya Bambo Wanzeru ndi Bambo Chitsiru. Wanzeru amamvera mlangizi, boma ndi mishoni, ndipo amalemera. Chitsiru amatsata zake, ndipo amasauka. William Sellers, yemwe adatsogolera Colonial Film Unit ku London kuyambira 1939, adafika poika malamulo a kajambulidwe ka mafilimu a anthu akuda: kamera isamayendeyende, zithunzi zisamasinthe msanga, nkhani ikhale imodzi basi, chifukwa iye ankakhulupirira kuti maso a munthu wakumudzi sangatsate zambiri. Chipongwe chimenechi sichidafe. Mukaona kanema wa bungwe akubwereza mfundo imodzi kasanu ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade wani, dziwani kuti mzimu wa Sellers ukadayendabe.

Tsono tiyeni tichite chilungamo. Kodi filimu ya positi ofesi ija idanama? Ayi. Mbala ziliko, chiswe chiliko, moto uliko, ndipo ndalama ya pansi pa mphasa imathadi. Vuto n'lakuti filimuyo idaonetsa mtundu umodzi wokha wa mbala, ija yosuzumira pazenera. Pali inanso yomwe siboola khoma. Mu November 2023 Reserve Bank idagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 ku banki idafika pa K1,700. Mayi yemwe adamvera malangizo n'kusunga K1 miliyoni kuti akaode katundu ku Dar es Salaam adagona ali ndi ndalama yokwana pafupifupi madola 850, n'kudzuka ali ndi yosakwana madola 600. Mnzake uja "wosasunga", yemwe ndalama yake yonse idali itasanduka mabelo a kaunjika ndi makatoni a sopo, adangosintha mitengo. Nanga pamenepa wanzeru ndani? Kodi mudaonapo kanema wa banki kapena wa kampani ya foni akufotokoza zimenezi? Simungamuone, chifukwa wolipira kanemayo akufuna ndalama yanu ikhale kwa iye. Sikuti ndi woipa mtima ayi, nayenso ali pa malonda ngati inu nomwe. (Banki ya ku positi ofesi ija, mwa njira, idadzasanduka Malawi Savings Bank, ndipo boma lidaigulitsa kwa FDH mu 2015.)

Ntchito yaikulu kwenikweni ya mafilimu otere kuno kwathu idagwiridwa ndi Central African Film Unit, yomwe idakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury kuti izijambulira maiko atatu: Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake adali Alan Izod, ndipo wojambula wodziwika kwambiri adali Stephen Peet. Pofika 1963 adali atatulutsa mafilimu mazanamazana. Ina idali The Two Farmers, dzina lokhalo likukuuzani kale kuti ndi alimi awiri aja, wanzeru ndi chitsiru. Ina idali Mulenga Goes to Town, ya mnyamata wakumudzi wopita m'tauni n'kukumana ndi zokhoma zokhazokha. Inanso The Wives of Nendi, yolimbikitsa amayi kulowa makalabu a ukhondo ndi zapakhomo.

Inu ophunzira a ku Chancellor ndi ku Poly, kapena kuti UNIMA ndi MUBAS monga akutchulira masiku ano, taonani chomwe chikusowa m'mafilimu amenewa. Ku Southern Rhodesia lamulo la Land Apportionment Act la 1930 lidapereka pafupifupi theka la dziko lonse, ndiponso nthaka yabwino yoyandikira njanji, kwa azungu ochepa. Anthu akuda adapanikizidwa m'malo amchenga. Ndiye kubwera ndi kanema kudzawauza kuti mukukolola zochepa chifukwa cha ulesi ndi mowa! Mlimi wa mu kanema amamvera mlangizi n'kugula ngolo. Mlimi woonera kanemayo alibe munda woti ngoloyo ilowemo. Chimodzimodzinso Mulenga. Uthenga wake udali woti tauni si malo ako, bwerera kumudzi. Udali uthenga wokomera boma lomwe linkafuna manja a munthu wakuda m'tauni koma osafuna kuti akhazikikemo ndi banja lake. Mavenda a ku Limbe ndi ku Lilongwe amene mwathamangitsidwapo m'misewu, mawu amenewa si achilendo kwa inu.

Kuno ku Nyasaland zaka za m'ma 1950 zidali za malimidwe, pamene anthu ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa kumene chifukwa chosapanga mizere ndi migula monga boma lidalamulira. Mfundo yoteteza nthaka payokha idali yabwino, ndipo lero tikulira kukokoloka kwa nthaka komweko. Koma idabwera ndi kanema kudzanja lamanja, chikoti kudzanja lamanzere, ndiye anthu adadana nazo zonse ziwiri. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, gulu lojambula lija lidalowa pansi pa boma la chitaganyacho n'kuyamba kutamanda chinthu chomwe anthu a kuno adachikana poyera. Kuyambira pamenepo galimoto ya kanema idasanduka galimoto ya boma basi, ndipo ngakhale uthenga wa udzudzu kapena wa chimbudzi udayamba kununkha ndale. Chitaganya chitatha mu 1963, gululo lidathera pomwepo.

Pali kanthu kena kosangalatsa. Mafilimu ambiri a nthawiyo adali opanda mawu, choncho pambali pa chinsalu pankaima munthu wofotokozera m'chilankhulo cha anthu. Mzungu adajambula zithunzi, koma nkhani idali m'kamwa mwa womasulirayo. Aliyense amene adalowapo m'kachisakasa ka vidiyo ku Ndirande kapena kwa Chinsapo n'kumva mnyamata akulankhulitsa Chichewa asilikali a ku China akudziwa mphamvu ya munthu ameneyu. Amatha kusandutsa mfumu kukhala chidakwa ndi mawu awiri okha.

Titalandira ufulu mu 1964 mwini kanema adasintha, koma kachitidwe kadatsala. Kumbukirani kuti dziko lino lidakhala lopanda wailesi yakanema mpaka 1999. Kwa zaka zoposa 30 munthu wakumudzi ankaona zithunzi zoyenda pokhapokha kukabwera galimoto ya boma, makamaka zija zachikasu za unduna wa malimidwe, kudzaonetsa za feteleza, thonje, fodya ndi achikumbe. Zambiri zidali zothandiza, tisakane. Koma ndani akadajambula filimu yofunsa chifukwa chomwe ADMARC inkagulira mbewu za mlimi wamng'ono pa mtengo wotsika kusiyana ndi womwe inkagulitsira kunja? Lamulo la 1968 lounika mafilimu ndi mabuku lidalipo, ndipo aliyense ankadziwa kutalika kwa mkono wake. Mlimi wosauka mu kanema adapitiriza kukhala wosauka chifukwa cha ulesi wake.

Mwina wina anganene kuti izi ndi za atsamunda ndi za chipani chimodzi, zidapita. Ayi, bwanawe. Kumene mchitidwewu udakulira kwambiri ndi ku America, dziko la amalonda. Ku Detroit kudali munthu wotchedwa Jam Handy yemwe kampani yake idajambula mafilimu zikwizikwi ophunzitsa ogulitsa galimoto za Chevrolet momwe angalankhulire ndi kasitomala, ndiponso ophunzitsa asilikali pa nkhondo yachiwiri. Mu 1946 kampani ya Disney idajambula katuni yotchedwa The Story of Menstruation, yofotokozera atsikana za kusamba. Idaonetsedwa m'sukulu kwa ana mamiliyoni, ndipo idanena zoona pa nkhani yomwe makolo ambiri ankachita nayo manyazi. Olipira adali opanga Kotex, ndipo kabuku komwe atsikanawo ankapatsidwa pambuyo pake kadali ndi malonda a Kotex. Apa onse adapindula, mtsikana adaphunzira, kampani idagulitsa. Palibe mlandu, bola udziwe kuti m'kalasi mwalowa wamalonda.

Koma tamvani iyi. Kampani ya mafuta ya Shell, yomwe idayamba kujambula mafilimu ake mu 1934, idatulutsa mu 1991 filimu yotchedwa Climate of Concern, yopita m'sukulu ndi m'makoleji. Filimuyo idachenjeza momveka bwino kuti kutentha mafuta ndi malasha kukusintha nyengo, ndipo kudzabweretsa kusefukira kwa madzi, chilala ndi anthu othawa kwawo. Zonse zoona. Atolankhani ataifukula mu 2017 funso lidali lakuti: ngati munkadziwa chonchi, nanga bwanji mudapitiriza kukumba zitsime zatsopano kwa zaka zonsezi? Ife amene tidaona matope a namondwe Freddy akutsika m'phiri la Soche mu March 2023 tili ndi chifukwa chofunsira nawo. Apa phunziro ndi lina: kanema akhoza kunena zoona zokhazokha, koma ntchito yake n'kukhala yosambitsa mwini wake kumaso.

Nanga kanema wophunzitsa wabwino alipo? Alipo, ndipo ndikupatsani awiri.

Mu 1972 ku Britain wanthabwala John Cleese ndi mnzake Antony Jay adayambitsa kampani ya Video Arts yojambula mafilimu ophunzitsa anthu a m'maofesi. Yotchuka kwambiri ndi Meetings, Bloody Meetings ya 1976. M'menemo Cleese ndi bwana yemwe amaitanitsa misonkhano yopanda mutu, osakonzekera, osadziwa chomwe akufuna, mpaka akulota ali m'khoti akuzengedwa mlandu wotaya nthawi ya anthu. Nayonso ndi nkhani ya wanzeru ndi chitsiru, inde. Koma taonani amene wavala chipewa cha uchitsiru: ndi bwana, osati mesenjala. Makampani ankalipira ndalama zambiri kuti mabwana awo akhale pansi n'kudziseka okha. Kuno kwathu ndani adaonapo kanema wophunzitsa momwe chitsiru chake ndi ofisala wa ngongole amene sadafotokoze chiwongoladzanja, kapena kalaliki wa pachipata amene akuchedwetsa dala mapepala kuti mumuganizire? Nthawi zonse wolakwa ndi mayi wa tomato.

Wachiwiri ndi wa kufupi konkuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 bungwe la Media for Development Trust ku Harare lidatulutsa Neria, nkhani yolembedwa ndi Tsitsi Dangarembga, wotsogolera kujambula Godwin Mawuru, ndipo malemu Oliver Mtukudzi adaimbamo ndi kuseweramo. Ndalama zidachokera kwa opereka thandizo, ndipo cholinga chidali chophunzitsa za malamulo a chuma chamasiye. Koma Neria si chitsiru. Ndi mayi wolimbikira ntchito amene adamanga banja pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo mwamunayo atamwalira mlamu wake akubwera kudzatenga zonse. Filimuyo sidamuuze kuti ukadasunga ndalama ku positi ofesi. Idaonetsa wolanda, idaonetsa khoti, idaonetsa njira. N'chifukwa chake anthu ankalipira okha pakhomo kuti akaione, ndipo matepi ake adazungulira mpaka kuno, kumene kulanda chuma cha amayi amasiye tinkakudziwa bwino lomwe. Lamulo lathu latsopano la chuma chamasiye, lomwe limati kulanda koteroko ndi mlandu, lidabwera mu 2011.

Kusiyana kwa Neria ndi The Two Farmers sikuli pa kamera kapena pa ndalama. Kuli pa ulemu. Wina adayamba wafunsa anthu chomwe chikuwapweteka, winayo adabwera ndi yankho m'thumba n'kumafunafuna munthu woti alinyamule.

Lero kujambula kwatsika mtengo moti foni ya m'thumba mwanu ikuposa makina onse omwe Notcutt adakweza pa lole. Komabe amalonda akungodikira kuti bungwe libwere lidzawajambulire. Kandimverere adakanena za m'maluwa, akulu adatero. Mabungwe a mavenda ndi a amalonda odutsa m'malire amatolera ndalama za umembala mwezi ndi mwezi. Kodi singapatulidwepo yochepa yolipira ana asukulu ya utolankhani kuti ajambule zomwe mamembala akufunadi kudziwa? Ophunzirawo chaka chilichonse amasowa nkhani ya pulojekiti, mapeto ake onse amakajambula za kuipa kwa mowa ndi chamba, ngati kuti m'dziko muno mulibe nkhani ina.

Nkhani zilipo zambirimbiri. Tengani katapila. Munthu wabwereka K100,000 kuti abweze K150,000 pakutha pa mwezi, ndipo akuganiza kuti zili bwino chifukwa sadamufunse chikole chachikulu. Kanema wa mphindi zisanu akhoza kuika ndalamazo patebulo, mwezi ndi mwezi, munthu n'kuona ndi maso ake kuti geni ya mandasi singabereke phindu lothamanga chotero. Akhozanso kuika pambali pake ngongole ya bungwe lobwereketsa, n'kuwerengera zonse zomwe amadula musadalandire, za fomu, za inshuwalansi, zosungitsa mokakamiza, kuti tione ngati kusiyana kwake ndi kwakukulu monga amanenera. Kanema ameneyu wobwereketsa ndalama sangamulipirire, ndipo musamudikire.

Kwa mabungwe, mabanki ndi makampani a foni amene mukupitiriza kutijambulira, pempho langa ndi laling'ono. Dzina lanu liikeni koyambirira, lalikulu, ndipo litchulidwe ndi pakamwa m'Chichewa, osati kabaji kakang'ono kothwanima kumapeto anthu atayamba kale kutuluka. Wogulitsa mankhwala a makoswe mu basi amayamba wanena kuti ndine wamalonda, ndipo palibe amamuda chifukwa cha chimenecho. Chachiwiri, magetsi akayaka musathamangire kugawa mafomu a alawansi. Siyani theka la ola kuti anthu atsutse zomwe aona. Mayi wina akadzuka n'kunena kuti zolemba m'kopezo ndimalemba, koma katundu wanga adalandidwa pamsewu kawiri chaka chino, musamuyankhe kuti zimenezo sizili pa pulogalamu. Zimenezo ndiye pulogalamuyo.

Ndipo inu a Malawi Revenue Authority, pali filimu imodzi yomwe mukadatithandiza nayo kwambiri. Kuyambira cha m'ma 2010 pali dongosolo la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa malire a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Katundu wopangidwa m'maikowa, yemwe ali pa mndandanda womwe maboma adagwirizana ndipo sadapitirire mtengo woikika, amadutsa ndi fomu yachidule popanda msonkho wolowetsera katundu, ngakhale misonkho ina monga VAT imakhalapobe. Amayi ambiri okwera mabasi a ku Chipata ndi ku Harare amangomva za dongosololi ngati mphekesera, ndipo ena amalipira anyamata owadutsitsa njira zachidule pa katundu yemwe akadadutsa pachipata mwaulemu. Tengani kamera, muiike pa Mchinji kapena pa Mwanza, mutsate mayi mmodzi weniweni kuchokera pomwe watsika basi: zenera loyamba ndi liti, fomu yake ndi yotani, ndalama yoyenera kulipira ndi zingati, lisiti yake imaoneka bwanji, ndipo wina akapempha ya pambali akadandaule ku ofesi iti. Mukatero muipereke kwa makondakitala aziionetsa m'basi momwemo, pakati pa nyimbo za kwaya ndi filimu ya ku Nigeria, basi isadafike pachipata.